Chimtali Chomaliza kwa Mdzeka

Mlongo wanga Redson anabadwa ndi manja osamva. Ali mwana ankaomba chilichonse chimene chingalire: ndowa ya amayi, chitini cha parafini, benchi ya m'tchalitchi, ngakhale msana wanga ndikam'bereka. Amayi anamukwapula mpaka anatopa. Amene anamuweta ndi atsibweni athu a Nasoni, mlongo wawo wa amayi, omwe ankaimba ng'oma yotsogolera pa chimtali cha kwathu kwa Mdzeka, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Musavutike kuufunafuna mudzi umenewu. Pamene unali, lero pali mipanda ya njerwa ya ku Area 47, ndipo agalu ake amauwa aliyense woyenda wapansi.

Ine ndine Lonely, wamkulu kwa Redson, ndipo ndisaname, chimtali cha kwa Mdzeka ndinkachitsogolera ndine. Wenzulo unali wanga, nyimbo ndinkayambitsa ndine. Panali Anastazia wa kuseri kwa dambo amene ankadziyesa kuti amandiposa, koma zimenezo ankadziwa yekha ndi amayi ake.

Likulu litayamba kusamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno, dziko lathu linadzaza fumbi. Malole a njerwa ankadutsa tsiku lonse, ndipo kutchire kumene tinkatola nkhuni ndi kuzula bowa kunayamba kumera nyumba zosanja. Anakutcha City Centre kusanakhale ngakhale sitolo yogulako mchere. Ine ndinkapita kumeneko ndi chidebe cha thobwa pamutu kukagulitsa kwa amisiri omanga. Redson ntchito ya matope sanaifune. Anawoloka mlatho n'kukalowa bandi ina ku Tauni, ija masiku ano mumati Old Town, m'holo ya malata kuseri kwa msika. Ndinapitako kamodzi Loweruka masana kukamuona. Anali ataima kumbuyo kwa ng'oma ziwiri zazitali zopaka vanishi, akuimba rumba, shati itanyowa, atsikana a ku Kawale akumutchula dzina. Ndinanyadira, ngakhale sindinamuuze.

Zinasintha pa ukwati wina wa anthu a kumpoto umene bandi yawo inakaimbako. Amene ankayang'anira masipika tsiku limenelo anali a Kumwenda, bambo wa ku Rumphi, wogwira ntchito m'boma, amene anabwera ndi ofesi yawo kuchokera ku Zomba. Ntchito yawo inali yokuza mawu pa misonkhano ndi kujambula makwaya ndi magule pa tepi. Anali mkulu wa mpingo, wosamwa, wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Anzake a Redson atapita kukadya, iye anatsala akulondola nthambo kuchokera pa maikolofoni mpaka pa makina, akufunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. A Kumwenda anamuyankha onse. Mwezi usanathe anali akuwanyamulira nthambo, ndipo chaka chisanathe anali atavala mahedifoni, akupotokola timabatani.

Ng'oma anazisiya. Akabwera kumudzi nkhani zake zinali za mawu okha: akuti mawu amagunda khoma n'kubwerera, akuti chipinda chilichonse chili ndi kaliridwe kake. Tsiku lina atsibweni anamugwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kusisita chikhatho ndi chala chawo chachikulu.

"Manja a kalaliki," anatero, n'kulisiya.

Redson anaseka, koma ndinaona kuti zamulowa.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinabwera ndi zikhomo zofiira zimene anthu oyeza malo anakhoma m'minda mwathu. Tinauzidwa kuti tikakolola tisamuke. Mudzi wonse sukanakwana malo amodzi, choncho unagawika. Atsibweni ndi mabanja ambiri anapatsidwa malo cha ku Mchinji, ena kupitirira Lumbadzi, ndipo ife amene tinali titazolowera kudyera m'tauni tinapeza mapuloti ku Area 25. Amayi a m'mudzimo tinapangana kuti Loweruka lomaliza tivine chimtali pabwalo pathu, malole asanabwere Lolemba. Ndinagula chitenje chatsopano. Usiku ndinkalota ndikuvina.

Redson naye anali ndi lake. Zala za atsibweni zinali zitayamba kutupa ndi nyamakazi, ndipo aliyense ankaona kuti masiku awo a pang'oma akutha. Iye anati ng'oma imeneyo isapite ku Mchinji isanalowe pa tepi. Makina a ku ofesi sakanatuluka, koma a Kumwenda anali ndi awoawo kunyumba. Anandipempha kuti ndimuperekeze, ati bambo aja amalemekeza munthu akabwera ndi mkulu wake.

Kanali koyamba kulowa ku Area 12. Nyumba zake zinali zotalikirana ngati anthu ake anayambana. Unali mwezi wa Ogasiti, ife tikupanga mzere pachitsime, koma pamenepo munthu wa m'dimba la maluwa ankathirira kapinga ndi paipi. Ndinayang'ana madzi aja mpaka Redson anandigunda ndi chigongono. A Kumwenda anatilandira pakhonde, akazi awo anabweretsa tiyi wa mkaka, ndipo anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenaka analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makina aakulu ngati sutikesi, okhala ndi mikombero iwiri pamwamba.

"Ndikanabwera ndekha," anatero m'Chichewa chawo cholemera Chitumbuka, "koma Loweruka tili ndi session ya akulu a mpingo kutchalitchi. Tepi ndi imodzi, Redson. Mabatire awa akwana tepi imodzi basi, ndiye no playing around. Ukafuna kubweza, bweza ndi chala."

"Ndamva, bwana."

"Ndipo kasingano aka." Analoza kagalasi kakang'ono kamene mkati mwake munali kasingano konjenjemera. "Kazisewera apa pakuda. Kakalowa pofiira mawu aphwanyika, ndipo ophwanyika sakonzeka. Ng'oma ndiye imavuta zedi. Ukaona kakuthamangira uko, bweza batani ili pang'ono, pang'ono kwambiri."

Redson zimenezi ankazidziwa kale. Amene anasuzumira ndi ine, chifukwa sindinabadwe ndi maso okhazikika. A Kumwenda ataona chidwi changa anandiuza kuti ndiombe m'manja pafupi ndi maikolofoni, kasingano kanadumpha, ndipo anandigwiritsa batani lija kuti ndione mmene limamvera. Ndinaseka ngati mwana. Ndikanadziwa, bwenzi nditangomwa tiyi wanga mwaulemu.

Loweruka linafika mudzi uli kale ngati nkhuku yosotsola. Zitseko zinali zitazulidwa, malata atamangidwa m'mitolo, nkhokwe zitagwetsedwa, chimanga chili m'matumba pansi pa mitengo ya mango. Mabanja opita ku Lumbadzi anali atanyamuka kale Lachinayi, ndipo pamodzi nawo panapita Lemson, amene kwa zaka zambiri ankaimba ng'oma yaing'ono yoyankha ya atsibweni. M'malo mwake panakhala a Jobu, munthu wabwino mtima amene ng'oma ankaikonda koma iyo sinkawakonda.

Dzuwa litapendeka amayi anasonkhana. Atsibweni anasolola udzu padenga la nyumba yawo yomwe, n'kuyatsa moto wowambira ng'oma. Ankaiyandikiza kumoto, n'kuigogoda, n'kuiyandikizanso, mpaka chikopa chinakungika. Ine ndinali nditamanga chitenje changa, wenzulo uli pakhosi, mtima ukugunda ngati wa mkwatibwi.

Pa chimtali oimba ng'oma amakhala pakati, amayi n'kumazungulira. Zakhala choncho chiyambire. Koma Redson anabwera ndi nzeru za ku ofesi. Anati mapazi aponda nthambo, fumbi lilowa m'makina, ndipo ng'oma ikakhala pakati mawu ake asokonekera ndi phokoso la anthu. Anatenga atsibweni ndi a Jobu n'kukawakhazika kumapeto kwa bwalo, kutsogolo kwa maikolofoni, misana atalozetsa kwa ife. Anathamangitsa nkhuku. Anapempha amayi a ana kuti aime patali.

"Ndipo achemwali," anatero kwa ine, "wenzulowo muziuimba pang'onopang'ono. Ukubaya kasingano."

"Wenzulo wa pang'onopang'ono unauona kuti?"

"Chonde, achemwali."

Ndinamuyang'ana ndi diso loipa. Anakweza dzanja, mikombero inayamba kuzungulira, ndipo ndinayambitsa nyimbo. Tinazungulira bwalo lopanda kanthu pakati ngati anthu ofunafuna ndalama yotayika. Ng'oma inkamveka, inde, koma inali ng'oma ya munthu wina. Atsibweni ankangogunda mofanana, osakwera, osatsika, a Jobu akupunthwa pambuyo pawo. Miyendo yanga inalemera. Nyimbo isanafike pakati, atsibweni anaika manja pachikopa n'kusiya.

Redson anaimitsa makina n'kuvula mahedifoni. Nkhope yake inaonetsa kuti naye wamva zomwe tamva.

"Atsibweni, mwina ng'oma yazizira?"

"Ng'oma ili bwino. Ndikuimbira yani?" Analoza maikolofoni ndi chibwano. "Chitsulo ichi chili ndi miyendo? Ine sindiimba za m'mutu mwanga, Redson. Ndimaona phazi la munthu pamene likupita, ine n'kukamudikira kumeneko. Wandiika kuyang'ana tchire. Zaka zonse zija unkakhala pambali panga unkaona chiyani?"

Redson anagwada, n'kuyamba kubweza tepi ndi chala, pang'onopang'ono, bwalo lonse likumuyang'ana. Atamaliza ananyamula ng'oma yaikulu yekha n'kukaiika pakati. Anakumba kangalande ndi khasu, n'kukwiriramo nthambo, maikolofoni n'kuimangirira pa nsungwi pamwamba pa mitu ya oimba. Makina anawaika pa mtondo wovundikira, pansi pa mango, kunja kwa bwalo.

"Tsono chinanso," anatero atsibweni. "A Jobu, musandimvere molakwa, mukapume. Iwe, khala apa."

A Jobu anadzuka mosanyinyirika, mwina anapumira m'mwamba. Redson anayang'ana ng'oma yaing'ono ija, anayang'ana makina.

"Atsibweni, makinawa safuna kusiyidwa okha. Pafunika munthu woyang'ana kasingano."

"Ndiye jambula a Jobu. Ine popanda wondiyankha sindiimba."

Pamenepo mlongo wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinadziwa asanatsegule pakamwa.

"Usayerekeze," ndinatero.

"Achemwali, ndinu nokha amene a Kumwenda anakuonetsani."

"Ndagula chitenje ichi kuti ndidzakhale pansi? Bwalo ili Lolemba kulibe, Redson. Ukudziwa zimene ukundipempha?"

"Ndikudziwa." Anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Taonani manja awo."

Ndinayang'ana. Atsibweni anali atawaika pamaondo, mfundo za zala zitatupa, chala chimodzi chikunjenjemera chokha. Ndinakwiya ndi Redson, ndinakwiya ndi a Kumwenda ndi tiyi wawo, ndinakwiya ndi Lemson wothamangira lole ya Lachinayi. Kenaka ndinavula wenzulo. Anastazia anali atatambasula kale dzanja, wopanda ndi manyazi omwe.

Ndinakhala pa mphasa pafupi ndi mtondo. Redson anandiveka mahedifoni pamwamba pa duku, n'kuika zala zanga pa batani. "Tepi ikatha mukweze dzanja," anatero, n'kupita kukakhala pambali pa atsibweni, akupukuta zikhatho pa buluku.

Anastazia analiza wenzulo, kasingano kanalumphira pofiira, ndipo ndinabweza batani ndi mkwiyo wonse. Kenaka ng'oma zinalowa.

Ndinabadwira m'chimtali chimenecho, koma ndinali ndisanachimvepo. Ukamavina umamva nyimbo ndi thupi lako lokha. M'mahedifoni muja munalowa mudzi wonse, aliyense payekha. Ndinamva mawu osasa a mayi wina wokalamba amene ndinkaganiza kuti amangoyendetsa milomo. Ndinamva mapazi akukhwekhwereza fumbi, mwana akulira kumsana, atsibweni akupuma ndi mphuno. Ng'oma yaing'ono inayamba mwamantha, kenaka inakhazikika, ndipo yaikulu inayamba kuyenda pamwamba pake momasuka, ikuzemba, ikubwerera, ikudikira phazi n'kuligwira lisanatere. Redson anali atatsinzina, mutu uli pambali, ngati kale ali mnyamata.

Maso a atsibweni anali pa mapazi a Anastazia. Ndinene zoona, tsiku limenelo mkazi uja anavina. Nsanje inandigwira, miyendo yanga inkagwedezeka yokha pamphasa, koma kasingano sikankalola kuti ndiyang'ane kumbali nthawi yaitali. Atsibweni akakwera, ine n'kubweza. Akatsika, ine n'kuonjezera. Pofika nyimbo yachitatu ndinali nditayamba kudziwiratu pamene akwerere, ndipo zala zanga zinkawadikira kumeneko. Misozi inatsika mpaka pachibwano, ndipo ndinalibe dzanja loipukutira.

Anaimba nyimbo ya mkamwini waulesi, anaimba ya sitima ya ku Salima, anaimba ija tinkaimba pobwera kokolola. Mkombero wina unkaonda, wina ukunenepa. Ndinkaupempherera kuti ufulumire, ndikuupemphereranso kuti usathe. Pomaliza kamchira ka tepi kanatuluka n'kuyamba kukupiza, phaphapha. Ndinazimitsa makina monga anandiuzira, ndinakweza dzanja, ndinavula mahedifoni, ndipo ndinathamangira m'bwalo ndikumangitsa chitenje.

Ng'oma zinali zitasiya.

Atsibweni anali atapanira manja m'khwapa, atawerama, thukuta likudontha pachikopa. Anadikira dzanja langa lija kuti asiye, ndipo sindikudziwa kuti anapirira nyimbo zingati ululu uli pamenepo. Anadzutsa mutu n'kundiona nditaima pakati pa bwalo ndi chitenje chatsopano chopanda fumbi.

"Lonely, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Dikira pang'ono."

Anatulutsa manja, anawaika pang'oma, anagunda kawiri. Kachitatu dzanja linakana. Anayesanso, nkhope itakwinyika, ndipo ndinawagwira mkono.

"Basi, atsibweni. Zakwana."

Amayi anayamba kumasula zitenje za m'chiuno, ena akutola ana. Ndinkafuna kulira mokweza ngati pamaliro, koma ndinangoima. Anastazia anabwera n'kundiveka wenzulo pakhosi.

Atsibweni anasuntha pampando wawo, n'kukankhira ng'oma yaikulu kwa Redson ndi bondo. Palibe munthu wina amene anali ataiimbapo pabwalo ng'oma imeneyo.

"Kaiwambe. Mlongo wako sanavine."

Redson anaonetsa zikhatho. Matuza anali atatuluka n'kuphulika, khungu litasendeka, magazi ali m'mizere ya manja. Atsibweni anayang'ana n'kunena kuti aona. Redson anadzuka, anasolola udzu wina padenga, anaiwamba. A Jobu anabwerera pa ng'oma yaing'ono mosaitanidwa, akumwetulira.

Ndinaliza wenzulo ndi mphamvu zanga zonse, popeza panalibenso kasingano koti ndikabaye.

Anaimba moipa. Ndi mlongo wanga ndipo ndimamukonda, koma anaimba moipa. Ng'oma yotsogolera anali asanaiimbepo, manja ankamuwawa, ndipo akasokonezeka ankathawira ku rumba ya kuseri kwa msika. A Jobu nawo anali paulendo wawo. Atsibweni anakhala pambali akukalipa: "Wathamanga. Usayang'ane ng'oma, yang'ana mapazi. Wamusiya, bwerera." Amayi anaseka mpaka ena anagwirana mapewa, koma anabwerera m'bwalo mmodzimmodzi. Ine ndinachepetsa liwiro. Ndinkaponda mooneka bwino, ngati mmene umayendera ndi mwana wophunzira kuyenda, kuti aone pamene phazi likupita. Penapake, kwa kanthawi kochepa, anandipeza. Ng'oma inafika pamene phazi langa linkatera, ndipo atsibweni anasiya kukalipa. Kenaka anandisiyanso. Ndinavinabe mpaka chitenje chinafiira ndi fumbi.

Lolemba malole anabwera. Atsibweni anakwera kumbuyo atakumbatira ng'oma yawo, ndipo ku Mchinji sanakaiimbenso. Anamwalira mvula zingapo zitadutsa.

A Kumwenda atamvetsera tepi ija pakhonde pawo, anavula magalasi n'kufunsa amene anagwira batani. Redson atawauza, anati ndikanakhala mwamuna akanandilemba ntchito. Ndinawathokoza, ngakhale yankho lina linali pamilomo. Redson anapitirira ndi ntchitoyo mpaka imvi. Wajambula makwaya a mipingo yonse, mabandi a ku Tauni, anyamata a magitala a zigubu, ndipo m'nyimbo zambiri zimene munavina pa maukwati, ng'oma imene imamveka pansipansi ndi yake, chifukwa kuchokera tsiku lija sanalolenso kuti manja ake afewe. Tepi ya kwa Mdzeka anaisamutsira pa kaseti, kenaka pa CD, ndipo pano ili m'mafoni a adzukulu a anthu amene anabalalika aja. Ku Mchinji amaiika pa maliro a aliyense wobadwira kwathu.

Mwezi wathawu anabwera kuno ku Area 25 kudzandiona, ndipo tinaimvetseranso tili pakhonde. Itafika pothera, pamene wenzulo wa Anastazia umadukira pakati, iye anapukusa mutu n'kuseka.

"Mulungu ndi wabwino, achemwali. Tepi ija ikanatalika pang'ono, bwenzi dziko lonse likumva manyazi anga."

Ndinamuuza kuti asandilankhule zopusa. Nyimbo zonse zili pa tepiyo ndinazimva nditakhala pansi, ndipo ndikanapereka zonsezo kuti ndimvenso kamodzi kokha ija anaimba moipa.